Pulinta ya $100? Dikirani kaye

Mukaona pa Kickstarter pulinta ya 3D ya resin yotchipa, mtima umadumpha, ndikudziwa. Koma ine ndimakumbukira Peachy Printer ya ku Canada. Mu 2013 anthu anasonkha ndalama atalonjezedwa makina a $100. Pofika 2016 kunamveka kuti ndalama zina zinakamangira nyumba, makinawo osaoneka.

Kusonkha si kugula, anzanga. Kumeneko ndi kubetcha.

Ngakhale makinawo atafika, walira mvula walira matope. Pafunika kugula resin, magolovesi poti imayabwa pakhungu, spiriti wotsukira zomwe mwapanga ndi nyali ya UV yoziumitsira. Fungo lakenso simungagone nalo m'chipinda.

Ine ndiye ndimadikira. Makina akafika m'sitolo, ena atawayesa kale, m'pamene ndimatulutsa ndalama zanga.