Masukulu amene asanduka misika ya mpira

Munthu akamva za masukulu aukachenjede a ku Amereka amaganiza za mabuku ndi madokotala. Koma kumeneko masukulu ambiri amatchuka ndi mpira. Si mpira wamiyendo uno ayi. Wawo ndi wooneka ngati dzira, amathamanga nawo m'manja, ndipo osewera amavala zipewa zolimba poti amagundana ngati nkhosa zamphongo. Wina ndi basketball, woponyera m'kadengu.

Bwalo la sukulu ya Michigan limalowa anthu oposa 100,000. Khamu lotere silifuna kumva kuti timu yagonja. Ikangogonja kangapo, mphunzitsi wa timu ntchito yamuthera. Tsono iye amasaka anyamata amphamvu kulikonse, kaya mutu ukugwira m'kalasi kaya ayi.

Pa sukulu ya SMU mumzinda wa Dallas, anthu olemera okonda timu ankasonkha ndalama mobisa nkumalipira osewera, pamene bungwe loyang'anira masewerawa la NCAA linkaletsa zimenezi. Zomvetsa manyazi nzakuti akuluakulu a sukulu ankadziwa. A Bill Clements, amene ankatsogolera komiti ya sukuluyo, adavomera mu 1987, ali bwanamkubwa wa chigawo cha Texas, kuti adalola kuti malipirowo apitirire. Timuyo adaiyimitsa chaka chonse cha 1987, ndipo mu 1988 siidasewerenso.

Nanga maphunziro? Mu 1989 katswiri wa mpira Dexter Manley adaulula pamaso pa aphungu a nyumba ya Senate kuti adakhala zaka zinayi pa Oklahoma State University asakutha kuwerenga bwinobwino. Zaka zinayi! Aphunzitsi ankamuona, koma poti mnyamatayo ankagwetsa adani pabwalo, palibe adafunsa. Kuwerenga adakaphunzira ali bambo kale.

Ku North Carolina adachita kuikonza mwaluso. Kafukufuku wa mu 2014 adapeza kuti kwa zaka 18 padali makalasi a dzina lokha: osakumana ndi mphunzitsi, kungopereka pepala limodzi nkulandira malikisi abwino. Adadutsamo ophunzira oposa 3,000, pafupifupi theka la iwo osewera. Mu 2017 bungwe la NCAA lidaisiya sukuluyo osailanga pa nkhaniyi, ati poti makalasiwo ankalowanso ena osasewera. Ndiye kuti chinyengo chikagawidwa kwa onse chimayera?

Gwero lake ndi ndalama za wailesi yakanema. Mu 2010 makampani a CBS ndi Turner adalonjeza madola 10.8 biliyoni kuti azionetsa mpikisano wa basketball wa masukulu kwa zaka 14. Aphunzitsi a matimu ankalandira mamiliyoni, kuposa mkulu wa sukulu yemwe. Wothyoka bondo pabwalo ankangolipiriridwa sukulu, chakudya ndi pogona, nkumauzidwa kuti iye ndi mwana wasukulu, ndalama sizimuyenera.

Osewera adakasuma kukhoti ndipo adapambana. Kuyambira mu 2021 amaloledwa kupanga ndalama ndi dzina lawo, ndipo kuyambira mu 2025 sukulu imatha kugawira osewera ake madola pafupifupi 20 miliyoni pachaka. Apa chilungamo chilipo ndithu, wolima ayenera kudya. Koma tsopano mnyamata amasamuka sukulu chaka ndi chaka kutsata amene waika zambiri, ndipo okonda timu olemera aja, amene kale ankapereka mumdima, akupereka masana. Mwa anyamata 100 osewera mpira wa dzira uja m'masukuluwa, amene amakafika mu ligi yaikulu ya NFL sakwana awiri.