Sipanala sifuna mphamvu

Mu June ku Dedza kumazizira zedi, ndipo Hilux ya bambo anga, yomwe imanyamula kachewere kupita ku Lilongwe, inayamba kukana kulira m'mawa. Injini ya dizilo ikazizira imadalira ma glow plug, omwe amakaniko amati ma heater, kuti atenthetse mkati mwa silinda.

Ine, mwana wa digiri, ndinangoonera vidiyo pa YouTube n'kutenga sipanala. Ma plug atatu anatuluka bwinobwino. Yachinayi inali itagwidwa ndi mwaye. Ndinakoka ndi mphamvu zonse. Thyo! Theka m'manja, theka m'injini.

"Achimwene, mukanayamba mwatenthetsa injini, n'kuthira WD-40, n'kudikira kaye," anatero makaniko. Anaboola chotsalacho ndi drill pang'onopang'ono, kuopa kuti kachidutswa kangagwere mu silinda. Kakanagwera, bwenzi tikumasula head yonse, ndalama zankhaninkhani.

Galimoto inaima masiku awiri, matumba a kachewere ali pakhonde. Bambo sanandikalipire. Anangoti: "Mwanawe, kuona maso a nkhono n'kudekha."

Anzanga, plug ikalimba, musakakamize. Ikani sipanala pansi, muimbire makaniko.