Kuona mchere wobisala pansi tisanakumbe mjigo

Anthu a m'madera ena a ku Chikwawa ndi ku Nsanje amalidziwa bwino vuto la mjigo wotulutsa madzi amchere. Ndalama zapita, mjigo waimikidwa, koma amayi abwerera kukatunga kumtsinje chifukwa madziwo sakumweka. Sabata ino ndikufuna tione momwe anzathu okhala m'mbali mwa nyanja zamchere amafufuzira mchere pansi pa nthaka, mwina tingatolepo nzeru.

Madzi a m'nyanja zikuluzikulu amakhala ndi mchere pafupifupi magalamu 35 pa lita imodzi, choncho ndi olemera kuposa madzi abwino. Pansi pa nthaka ya m'mbali mwa nyanja, madzi abwino amayandama pamwamba pa amcherewo. Akatswiri awiri, Ghyben ndi Herzberg, anapeza kuti pa mita imodzi iliyonse imene madzi abwino akwera pamwamba pa msinkhu wa nyanja, pamakhala mamita ena pafupifupi 40 a madzi abwino kunsi kwake. Izi zikutanthauza kuti anthu akapopa kwambiri n'kutsitsa madzi ndi mita imodzi yokha, mchere ungathe kukwera mamita 40.

Zimenezi zinachitika m'chigwa cha Salinas ku California, komwe alimi amathirira minda ikuluikulu ya masamba ndi madzi a m'zitsime. Mchere unayamba kuoneka m'zitsimemo m'zaka za m'ma 1930, ndipo pang'onopang'ono unalowerera kumtunda, zitsime zina n'kusiyidwa. Mu 1998 anayamba kupatsa alimi a ku Castroville madzi otayika a m'matauni omwe ayeretsedwa, kuti achepetse kupopa pansi.

Nanga mchere umene sukuoneka mungaudziwe bwanji pamene wafika? Yankho lili m'phunziro limene ndimaphunzitsa ana asukulu ndi mabatire, babu ndi mawaya awiri. Mawaya akaviikidwa m'kapu ya madzi amchere, babu limayaka. M'madzi abwino siliyaka kapena limangoti psuu. Madzi amchere amadutsitsa magetsi mosavuta. Akatswiri amakhomera tizitsulo pamzere m'nthaka, n'kulowetsa magetsi, kenaka n'kuyeza momwe nthaka ikukanira magetsiwo. Kompyuta imajambula chithunzi cha pansi: pokana kwambiri pamakhala mchenga wa madzi abwino kapena thanthwe, pokana pang'ono pangakhale mchere.

Mu 2014 gulu la Rosemary Knight wa ku yunivesite ya Stanford linayeza motere makilomita pafupifupi 40 m'mbali mwa Monterey Bay. Mu 2017 anagwiritsa ntchito helikoputa yonyamula chipangizo chachikulu cha mawaya chomwe chimayeza nthaka chili m'mwamba. Anapeza kuti mchere sulowa mofanana paliponse. Pena walowa kwambiri, pafupi pomwepo pali madzi abwino.

Njirayi ili ndi malire ake. Dongo nalonso limadutsitsa magetsi, motero lingapusitse woyeza kuti aganize kuti pali mchere. N'chifukwa chake zotsatira za makina amaziyerekeza ndi madzi a m'zitsime zomwe zilipo kale.

Kuno kwathu nyanja zikuluzikulu zamchere ngati zimenezo kulibe. Mchere wa m'chigwa cha Shire umachokera m'nthaka ndi m'miyala momwemo, komanso kutentha kumaumitsa madzi n'kusiya mchere. Komabe makina oyeza nthaka ndi magetsi ndi omwewo amene ofufuza malo a mijigo amagwiritsa ntchito m'dziko muno. Pempho langa kwa mafumu, makomiti a mijigo ndi makhonsolo ndi ili: wokumba asanabwere ndi galimoto yake, funsani ngati malowo ayezedwa, ndipo muone lipoti lake. Funsaninso ngati woyezayo wayang'ana za mchere, chifukwa kupeza madzi kokha sikokwanira. Akakumba, madzi ayezedwe asanaikepo pampu. Mjigo umodzi umadya ndalama zambiri, ndipo mudzi umene waupeza lero suupezanso wina msanga.