Pempho kwa anthu onse a m'makomboni a Lusaka: tisasiyire mphunzitsi yekha mwambo wa m'kalasi

Makolo anzathu, agogo, azakhali ndi amalume amene mukulera ana ku Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George, ife olemba pempholi ndife makolo, aphunzitsi opuma pantchito ndi akuluakulu a mipingo a m'makomboni omwewa. Chimene chatisonkhanitsa ndi khalidwe la ana athu m'kalasi.

Mu Januwale 2022 boma linachotsa malipiro a sukulu mpaka Giredi 12. Tinakondwera, ndipo tikukondwerabe. Ana amene ankangokhala pakhomo, ndi ena amene ankagulitsa zitumbuwa pamsewu, anavala yunifolomu. Chaka chomwecho boma linalemba aphunzitsi atsopano oposa 30,000, ndipo madesiki akubwera kudzera m'ndalama za chitukuko cha m'madera za CDF. Koma ana anachuluka msanga kuposa zipinda. Amene anasuzumirako m'kalasi kuno kwathu akudziwa: alipo makalasi a ana 100, anayi pa desiki imodzi, ena atakhala pansi pafupi ndi bolodi. Masukulu ambiri amagawa ana, ena m'mawa ena masana, choncho mwana amaonana ndi mphunzitsi maola ochepa chabe. M'kalasi yotere ana asanu akayamba phokoso kumbuyo, anzawo onse ataya phunziro. Mmodzi akalowa mochedwa, mphunzitsi amaima, ana amasuntha kuti ampatse malo, choko chili m'manja nthawi ikutha. Nchifukwa chake tikuti malamulo a m'kalasi lero ndi ofunika kuposa kale, ndipo munthu mmodzi sangawasunge yekha.

Tikamakamba izi pa mpopi, pa msika kapena pa maliro, yankho limakhala lomwelo: boma linaletsa kumenya, ndiye ana aonongeka, bwezani chikoti. Tiyeni tiuzane zoona. Mu 1999 Khoti Lalikulu, pa mlandu wa John Banda, linagamula kuti chilango chokwapula chimasemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Lamulo la maphunziro la 2011 likuletsa mphunzitsi kumenya mwana kapena kumpatsa chilango chomunyozetsa, ndipo lamulo la ana la 2022 linatsekeratu khomo limeneli. Chikoti sichibweranso, ndipo ife sitikuchifuna. Ambiri a ife tinakula nacho. Tikukumbukira anzathu amene anasiya sukulu chifukwa cha mantha, ndi ena amene anangophunzira kubisa zolakwa m'malo mozileka. Komanso tangoganizani, mphunzitsi wa ana 100 akati akwapule aliyense wolakwa, aphunzitsa nthawi yanji?

Lamulo linachotsa ndodo, silinachotse mwambo. Mwana wolakwa akhoza kudzudzulidwa, kupepesa pamaso pa amene wamulakwira, kukonza kapena kubweza chimene waononga, kutsala akaweruka kuti asese kalasi, kukaonana ndi aphunzitsi a uphungu, kuitanirwa kholo. Mlandu ukakula, a hedi ali ndi njira zawo zovomerezeka. Ndipo inu ana athu amene mumayankha aphunzitsi kuti muli ndi ufulu, mverani: ufuluwo ndi wanudi, koma pangano la mayiko a mu Africa la 1990 loteteza ana, limene Zambia inavomereza, limanenanso za udindo wanu wolemekeza makolo ndi akuluakulu. Kutukwana mphunzitsi, kulanda chakudya cha mwana wamng'ono, kuseweretsa foni phunziro lili mkati, si ufulu umenewo. Mukubera anzanu maphunziro.

Kwa a hedi ndi aphunzitsi, tikubwera mwaulemu podziwa katundu amene mwasenza. Malamulo akhale ochepa, omveka, olembedwa m'Chinyanja ndi m'Chingerezi, omatidwa pakhoma pamene mwana aliyense angawaone. Teremu ikamayamba, khalani nawo pansi anawo, muwafunse chimene chimawasokoneza, chifukwa lamulo limene mwana waikapo mawu ake amalisunga ngakhale mphunzitsi atatuluka. Chilango chidziwike mlandu usanachitike, ndipo chikhale chimodzi kwa mwana wa khansala ndi mwana wa mayi wogulitsa makala. Musapatse monita ndodo. Monita alembe ochita phokoso, koma akayamba kumenya anzake kapena kulandira masiwiti kuti afufute dzina, ndiye kuti tamphunzitsa ziphuphu ali wamng'ono.

Pali chinthu china chimene chimatipweteka mtima. Tisiyanitse mwano ndi umphawi. Mwana amene wabwera wopanda nsapato zakuda sanapalamule. Mwana wa ku Kanyama amene wachedwa m'nyengo ya mvula chifukwa njira yonse yadzala madzi, kapena mtsikana amene wayamba watunga madzi ndi kusambitsa ang'ono ake chifukwa amayi analawirira ku Soweto Market kukapikula, afunsidwe kaye asanalangidwe. Kumbweza pa geti ndi kumpereka kumsewu. Ngakhale wolakwa weniweni asamatulutsidwe kukatchetcha udzu anzake akuphunzira masamu, chifukwa mawa adzasokoneza kwambiri poti sakutsatira kanthu. Kuyambira 1997 dziko lathu limalola mtsikana amene wabereka kubwerera kusukulu. Kumseka kapena kumtchula mayina achipongwe kulembedwe pakati pa milandu ikuluikulu ya m'kalasi, kaya wonyozayo ndi mwana kaya ndi wamkulu. Za kusamba m'manja ndi kusamala zimbudzi sitichita kukumbutsana: mu 2024 kolera inachedwetsa kutsegulira masukulu mpaka pa 12 Febuluwale, odwala atadzaza ku Heroes Stadium.

Tsopano tibwere kwa ife eni, pakuti khalidwe la m'kalasi limayambira kunja kwa mpanda wa sukulu. Boma linaletsa mowa wa m'timapaketi wotchedwa tujilijili mu 2012, ndipo lamulo sililola kugulitsa mowa kwa mwana wosakwana zaka 18. Komabe ana ovala yunifolomu amaoneka m'mashabini, m'malo a juga ndi m'mashopu a magemu nthawi ya sukulu. Amawagulitsa kachasu ndi chamba ndani? Si alendo, ndi anthu amene timapatsana nawo moni tsiku ndi tsiku. Magulu a anyamata amene timawatcha majanki, amene atisowetsa mtendere madzulo, sanagwe kumwamba. Ambiri anayamba ndi kujomba tsiku limodzi, anthu akuona, palibe wofunsa. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Amayi a pa kantemba, abambo okonza njinga, akondakitala a minibasi, mukaona mwana wa yunifolomu akuyendayenda 10 koloko m'mawa, mfunseni dzina ndi sukulu yake, muuze kholo lake. Ndipo inu kholo mukauzidwa, thokozani, musakalipe.

Chichotsereni ndalama za komiti ya makolo ndi aphunzitsi (PTA), ena a ife tinaleka kupita kumisonkhano ya kusukulu, ngati kuti udindo wathu unali wa ndalama basi. Kalata yoitana kholo ikabwera timatuma mkulu wake wa mwanayo, kapena mwana amagwira munthu wa pamsewu kuti akaime ngati amalume. Tikadziwa kuti mwana walangidwa, ena timathamangira kusukulu kukalalatira mphunzitsi ana akuonerera, ndipo kuyambira tsiku limenelo mphunzitsiyo alibenso mawu m'kalasi. Ngati mwana walakwiridwa, njira ilipo: yambani kwa a hedi, zikakanika pitani ku ofesi ya maphunziro ya DEBS. Ngati wamenyedwa mpaka kuvulala kapena wagwiriridwa, musakambirane za ndalama kuseri, pitani kupolisi ku Victim Support Unit kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana.

Tikupempha mipingo, mizikiti, makomiti a chitukuko a m'mawadi ndi a m'misika kuti muwerengere anthu anu pempholi. Ndipo inu kholo, sabata ino pitani kusukulu ya mwana wanu, mukadziwane ndi aphunzitsi ake, mupemphe malamulo a kalasi yake, mukawawerenge naye limodzi kunyumba. Msonkhano wa makolo ukaitanidwa, mubwere nokha, musatume mwana.