Chitsulo chosadziwika dzina sichitayidwa

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga, lero ndati ndikambeko za chizolowezi china chimene chikuwononga magalimoto akale, ndipo chingathe kutengetsa moyo wa munthu. Wina akamasula galimoto n'kupeza kachitsulo kamene sakukadziwa, amangokatcha dzina malinga ndi maonekedwe ake, basi n'kukataya kapena kuikapo china chofananako. Ine ndikukana. Chitsulo chimene sunadziwe ntchito yake usachichotse, ndipo maso okha sangakuuze dzina lake.

Ambiri mukudziwa kuti sukulu ikatsekera ine ndimakhala kunsi kwa Land Rover yakale, Series III yaitali ija ya mainchesi 109, imene ndikuidzutsa pang'onopang'ono monga mmene malipiro a mphunzitsi alolera. Magalimoto amenewa anayamba kuonetsedwa ku Amsterdam mu 1948, ndipo ankapangidwa ku Solihull, ku England. Series II inabwera mu 1958, Series IIA mu 1961, pomwe Series III inayamba mu 1971 n'kutha mu 1985. Ndiye kuti ngakhale yomalizira kupangidwa yakwanitsa kale zaka 40. Kuno kwathu magalimotowa anatumikira apolisi, zipatala, mamishoni ndi maesiteti a tiyi ndi fodya. Iliyonse yadutsa m'manja mwa amakaniko ambirimbiri. Injini inachokera pa ina, giyabokosi pa ina, difu pa inanso. Tsono ukapeza chitsulo pa galimoto yotere, sunganene msanga kuti inabadwa nacho kapena inachitola m'njira.

Ndipereke chitsanzo. Pa chasisi, pamene pamadutsa mapaipi ochokera ku master cylinder, ndinapeza kachitsulo kosaposa chikhatho, kokutidwa ndi matope ndi dzimbiri. M'mbali mwake munalowa mapaipi a mabuleki, ndipo pamwamba pake panali waya woduka. Anthu atatu amene anakaona anakapatsa maina atatu. Woyamba anati ndi polumikizira mapaipi chabe. Wachiwiri anati ndi swichi yoyatsa magetsi ofiira akumbuyo ukaponda buleki. Wachitatu anati ndi chochepetsera mphamvu ya mabuleki akumbuyo. Palibe amene anayankhula zopusa, chifukwa zinthu zitatu zonsezi zimapezekadi pa magalimoto. Ndiponso pa ma Land Rover akale kuposa yangayi, swichi ya magetsi akumbuyo inkakhaladi pa mapaipi a mabuleki. Koma onse atatu anayankha funso lakuti "kakufanana ndi chiyani", pomwe funso lenileni linali lakuti "kakugwira ntchito yanji".

Yankho linapezeka polondola mapaipi. Ku master cylinder kunkachoka mapaipi awiri osiyana, ndipo onse ankalowa m'kachitsuloko, ina mbali iyi, ina mbali inayo. Nditakatsuka n'kupopera mpweya mbali imodzi, mpweyawo sunatulukire mbali inayo. Choncho sikanali polumikizira, chifukwa polumikizira m'kati mwake ndi mobowoka mbali zonse. Waya uja nditaulondola unakafika pa kanyali ka pa dashibodi. Apo m'pamene buku la masipeya linanditsimikizira dzina lake: pressure differential warning actuator, mwachidule PDWA, kamene ena amangoti shuttle valve.

Amene munkamvetsera m'kalasi la Physical Science mukumbukira zimene Pascal anapeza, kuti ukakankha madzi kapena mafuta otsekeredwa, mphamvuyo imafika paliponse mofanana. Mabuleki amadalira lamulo lomweli, ndipo kufooka kwawo kuli pomwepo. Paipi imodzi ikabowoka, mafuta amathawira pamenepo, phazi limangomira mpaka pansi, galimoto osaima. N'chifukwa chake ma Series III ambiri a zaka zakumapeto anawagawira mabuleki pawiri, akutsogolo njira yawo, akumbuyo njira yawo, kuti ina ikafa ina itsale. Kachitsulo kaja kamakhala pakati pa njira ziwirizi ngati mlonda. M'kati mwake muli kapisitoni kokankhidwa mbali zonse ziwiri. Mphamvu zikakhala zofanana kamakhala pakatikati. Mbali imodzi ikayamba kutaya mafuta, kapisitoni kamasendera komweko n'kukhudza swichi, nyali ija n'kuyaka kuchenjeza dalaivala.

Taganizani tsopano kuti ndikanamvera munthu woyamba uja, n'kuikapo polumikizira wamba. Njira ziwiri zija zikanasanduka imodzi. Galimoto ikanaima bwinobwino pabwalo la sukulu, aliyense n'kuwomba m'manja. Vuto likanadikira tsiku limene paipi yadzimbiri ikanaphulika potsika Khwekhwelere kupita ku Golomoti, kapena pa makona a Gorodi pochokera ku Livingstonia, m'galimoto muli ana a eni. Paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Ndiye chitsulo chachilendo timachidziwa bwanji? Ine ndimayamba ndi malo ake. Ndisanamasule ndimajambula chithunzi, n'kulemba chimene chikulowa ndi chimene chikutuluka: mafuta, madzi, mpweya kapena magetsi. Chitsulo chikangochoka pamalo pake n'kuponyedwa m'chidebe, theka la umboni lapita.

Chachiwiri ndi manambala. Tsukani ndi palafini, palani ndi bulashi ya waya, muone zolembedwa. Dzina la wopanga limanena zambiri. Girling ndi wa mabuleki, Lucas ndi wa zamagetsi, Smiths ndi wa mawotchi a pa dashibodi, Zenith ndi Solex ndi a kabuleta, CAV ndi wa pampu ya dizilo. Manambala akale a Rover anali a madijiti 6, pomwe apambuyo pake amayamba ndi zilembo, monga ERC pa za injini, FRC pa za giyabokosi, PRC pa zamagetsi. Koma chenjerani, nambala yoikidwa poumba chitsulo nthawi zambiri siyofanana ndi nambala yogulira sipeya. Komanso nambala ya galimoto yeniyeniyo muifune pa chasisi, kutsogolo kudzanja lamanja pamene pamagwira sipuling'i, chifukwa kachikwangwani ka m'kati kamatha kuchokera pa galimoto ina. Injini ndi giyabokosi zili ndi manambala awoawo, ndipo chilembo chakumapeto kwa nambala chimasonyeza kusintha kumene fakitale inachita. Zolemba za fakitale zimasungidwa ku British Motor Museum ku Gaydon, kumene amatha kukuuza tsiku limene galimoto yako inapangidwa.

Chachitatu ndi kuyeza, ndipo apa ndikupempha a Masamu mutchere khutu. Pa Land Rover imodzi mungapeze mazinga a mitundu itatu: BSF, UNF ndi metric. Manati a mapaipi a mabuleki akale ndi a 3/8 UNF, koma cha m'ma 1980 anasinthira ku M10. Tiwerengere limodzi. 3/8 ya inchi ndi mamilimita 9.5, pomwe M10 ndi mamilimita 10. Wa UNF ali ndi mazinga 24 pa inchi, ndiye 25.4 kugawa ndi 24 tipeza mamilimita 1.06 kuchoka pa zinga lina kufika pa linzake, pomwe wa metric ndi milimita 1 ndendende. Kusiyana kwake n'kochepa moti nati ya UNF imalowa ndithu m'bowo la metric, n'kumangika ngati zili bwino. Koma mazinga angogwirana nsonga zokha, ndipo tsiku loponda buleki mwadzidzidzi ikhoza kufwamphuka. Theka la milimita limeneli maso saliona.

Ndikudziwa zimene ena muyankhe. Munena kuti aphunzitsi mukuyankhula ngati muli ku Ulaya, kuno masipeya ndi osowa ndiponso okwera mtengo, ndipo magalimotowa akanafa kalekale pakanapanda amakaniko athu odziwa kupeka. Izi ndi zoona, ndipo ine ndimawavulira chipewa. Ndaonapo gasiketi yodulidwa pa katoni ikufikitsa anthu kwawo. Koma taonani bwino, mmisiri amene amapeka zinthu n'kutheka ndi uja amadziwa ntchito ya chimene akulowetsa m'malo. Amadziwa kuti gasiketi ntchito yake n'kutseka mpata, ndiye amasaka china chotseka mpata. Kupeka kwa munthu wodziwa ndi luso, koma kupeka kwa munthu wosadziwa ndi juga. Ndipo umphawi ndiwo uyenera kutichenjeza koposa, chifukwa ife tilibe ndalama zogulira sipeya kawiri.

Ngakhale tinthu tooneka topanda pake tili ndi chifukwa. Pamwamba pa ekiselo pali kachitsulo kangati chipewa, kamene ambiri amakayesa bawuti wamba. Ndi kopumira. Mafuta a mu difu akatentha, mpweya umafufuma ndipo umatulukira pamenepo. Mukakatseka, kapena mukakasiya kodzaza matope, mafuta amadzipezera njira pa masilo, mwina mpaka kukanyowetsa mabuleki. Munthu amasintha masilo kawiri katatu, osadziwa kuti wolakwa ndi kanthu kochepa ngati chala.

Pempho langa likupita kwa inu ophunzira anga akale amene muli m'magalaja ndi m'makoleji a ntchito zamanja. Akuluakulu amene anagwira magalimoto amenewa ali atsopano akutha mmodzimmodzi, ndipo akupita ndi zimene sizinalembedwe m'buku lililonse. Pitani mukakhale nawo, mutanyamula chitsulo chanucho m'manja pamodzi ndi kope. Safunsa anadya phula. Koma zimene akuuzeni mukazitsimikize ndi nambala, ndi muyeso, ndi buku la masipeya, poti mabuku amenewa masiku ano akupezeka pa intaneti. Mboni zikagwirizana, pamenepo mangani. Zikasemphana, chitsulocho chikulungeni m'pepala, lembanipo malo amene chachokera, ndipo galimoto idikire. Kasitomala adzadandaula kuti mwachedwetsa, koma kudandaula kumeneko kumatha.

Amene muli ndi chitsulo chimene chakuzunguzani mutu, bwerani nacho Loweruka masana. Palafini ndi bulashi zilipo, tidzayezera limodzi.