Soya pisi: wogula amamvera thumba ndi lilime

Mukaima pa okala iliyonse ku Ndirande, ku Mchesi kapena ku Chibavi dzuwa likamapendeka, muona zomwe amayi akugula pokonzekera mgonero: kamafuta koyeza, tomato awiri, anyezi mmodzi ndi kapaketi ka soya pisi. Kapaketi kameneka kalowa m'nyumba zambiri, komabe ogula ambiri amakanyamula mobisa. Alendo akabwera, nkhuku ndi yomwe imafa. Maganizo anga ndi akuti wamalonda amene wamvetsa manyazi amenewa ndi amene apindule ndi katunduyu.

Tiyambe ndi chomwe soya pisi ali. Kufakitale amayenga mafuta ophikira kuchokera ku soya. Chotsalacho amachipera, n'kuchidutsitsa m'makina otentha kwambiri omwe amachifufumitsa n'kuchidula timagawo tooneka ngati nyama. Timagawoti tikauma, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi mapuloteni, ndipo tikanyikidwa m'madzi timalemera kuwirikiza kawiri kapena katatu. N'chifukwa chake kapaketi kopepuka kamakwanira banja. Safuna firiji, sachedwa pamoto, ndipo makala akakwera mtengo amaposa nyemba zomwe zimadya mbaula yathunthu.

Ku America ndi ku Ulaya nkhaniyi inayenda mwina. Kumeneko nyama yochokera ku zomera inabwera ngati katundu wa anthu opeza bwino, ofuna kuteteza chilengedwe ndi ziweto. Kampani ya Beyond Meat italowa pamsika wa masheya wa Nasdaq mu May 2019, sheya imodzi inagulitsidwa $25, ndipo pofika July chaka chomwecho inadutsa $230. Kumapeto kwa 2024 sheya yomweyo inali pansi pa $5. Ogula ambiri analawa kamodzi osabwereranso, chifukwa katunduyo anali wodula kuposa nyama yeniyeni ndipo kakomedwe sikanafike pomwe otsatsa malonda analonjeza. Ku South Africa nako, mu 2022 boma linaletsa kugwiritsa ntchito mayina a nyama pa katundu wotere, mpaka khothi ku Johannesburg linaimitsa zolanda katunduyo m'masitolo.

Phunziro lake n'loonekeratu. Munthu sangalipire ndalama zambiri pa chinthu chongofanana ndi nyama pamene nyamayo ili pafupi komanso yotsika mtengo. Kwathu kuno zinthu n'zotembenuka: soya pisi ndi wotchipa kuposa nyama, ndiye msika wake ndi wolimba. Kwacha itatsika mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, mabanja ambiri a m'tauni anayamba kuidutsa butchala ngati sakuiona. Wogula wathu sakusiya ng'ombe chifukwa choimvera chisoni. Akufuna ndiwo zamsuzi zoti nsima itsike, ana agone okhuta.

Koma kutchipa komweko ndi kumene kwamupatsa dzina la nyama ya amphawi. Amene anaphunzira sukulu zogonera komweko amamukumbukira ali m'chimphika cha madzi okhaokha, opanda tomato. Ine ndemwe ndinatha zaka ndisakumuyandikira chifukwa cha zomwezo, mpaka azakhali anga atandiphikira wokazinga bwino. Pamenepo ndinazindikira kuti vuto linali kaphikidwe. Dandaulo lina lomwe limamveka kawirikawiri ndi kafungo ka soya komanso mchere wochuluka wa m'zokometsera.

Ena anena kuti soya pisi sangaphe nkhuli, ndipo akunena zoona. Komanso vitamini B12, yemwe amapezeka mu nyama, nsomba, mazira ndi mkaka, mu soya mulibe pokhapokha atawonjezeredwa kufakitale. Choncho wogulitsa asamanamize kasitomala kuti n'chimodzimodzi ndi nyama. Soya pisi apikisane ndi bonya, nyemba ndi mazira, pakuti kumeneko ndi komwe ali ndi mphamvu. Banja lisinthanitse ndiwozi m'sabata, lisadalire imodzi.

Kwa inu a maokala ndi magolosale, nazi zomwe ndaona kuti zimathandiza. Ikani soya pisi pafupi ndi mafuta, tomato ndi anyezi, popeza wogula amawerengera mtengo wa mphika wonse. Pikulani timapaketi tating'ono kwambiri kuposa tatikulu, chifukwa ambiri amagula za tsiku limenelo, makamaka mwezi ukafika pakati. Musapikule makatoni ambiri a mtundu umene makasitomala anu sanaulawe. Yambani ndi ochepa muone ngati abwereranso. Onani tsiku lothera ntchito ndi chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards musanalipire kuholoselo. Nyengo ya dzinja sungani katunduyu pouma, osati pasimenti, chifukwa chinyezi chimabweretsa nkhungu ndipo mbewa zimaboola mapaketi. Mukamagulitsa woyeza kuchokera m'thumba lalikulu, vundikirani, fumbi lisamagweremo.

Ndipo phunzitsani kaphikidwe, n'kwaulere. Anyike m'madzi otentha mphindi zochepa, afinye madziwo, akazinge kaye m'mafuta mpaka afiire, kenako athire anyezi ndi tomato. Kafungo kaja kamachoka ndi madzi oyambawo. Kasitomala amene wadya zokoma mawa abweranso pa okala yanu. Musaiwalenso ogula omwe sabwera chifukwa cha mtengo: a Rasta, ena a mpingo wa Seventh-day Adventist omwe sadya nyama, Akatolika Lachisanu m'nyengo ya Lenti, ndi amene alangizidwa kuchipatala kuti achepetse nyama yamafuta. Amenewa amagula mosabisa.

Pomaliza, muzitsatira mtengo wa soya kumunda. Soya wa ku Mchinji, Kasungu, Dowa, Dedza ndi Lilongwe ndi yemweyo amene amapita ku mafuta ophikira, ku phala la ana ndi ku chakudya cha nkhuku. Akakwera, mazira, nkhuku zoyera ndi soya pisi zimakwera motsatana pakapita kanthawi. Alimi amakolola cha mu April ndi May, ndipo kawirikawiri mtengo umayamba kukwera chaka chikamapita kumapeto. Mukamva kuti mavenda akulimbirana soya kumidzi, funsani msanga kuholoselo musanadzidzimutsidwe ndi mtengo watsopano.

Kwa opanga katunduyu, pempho langa ndi ili: chepetsani mchere, lembani kaphikidwe m'Chichewa papaketi, ndipo musachepetse kulemera kwa paketi mwakachetechete mtengo uli womwewo. Mayi wogula tsiku lililonse amadziwa ndi dzanja lake kapaketi kakapepuka, ndipo akangokhumudwa kamodzi amabwerera ku bonya.