Galu naye amasungulumwa, amalonda anzanga

Mwezi wathawu alandilodi anatipatsa masiku 7: tichotse galu kapena tisamuke. Mlandu wake? Tiger wathu amangolira usana wonse, anakumba maenje pabwalo mpaka kutafuna mapatapata a aneba.

Nkhani inayamba mayi anga atapeza benchi ya tomato mumsika wa Limbe. Kale amakhala pakhomo tsiku lonse, pano amalawira 5 koloko kukapikula, kubwera kwake dzuwa litalowa. Galu kutsala yekha pa tcheni. Ena amati walodzedwa, ena amati ndi chiwewe. Ayi ndithu, kunali kusungulumwa basi. Galu amazolowera nthawi, zinthu zikasintha mwadzidzidzi mtima wake umakhala m'mwamba.

Ndiye tinatani? Ndimadzuka naye kukayenda mphindi 30 tisanachoke, akatopa amagona. Chakudya timam'patsa nthawi imodzimodzi, m'mawa ndi madzulo. Timamusiyira madzi pamthunzi, chitenje chakale cha mayi chokhala ndi fungo lawo, ndi chingwe chokhuthala choti azitafuna. Mafupa ankhuku ophika ayi, amabaya matumbo. Mlongo wanga akaweruka kusukulu amamumasula n'kusewera naye. Kumumenya tinaleka, ndodo imangowonjezera mantha.

Lero alandilodi angoti zii.

Koma chenjerani: galu akamatuluka dovu, kulephera kumeza ndi kuluma chilichonse, musamugwire, thamangirani kwa a vetenale. Katemera wa chiwewe musamaphonye chaka ndi chaka.

Inu mukakhala pa geni, mlonda wa katundu wanu kunyumba ndi yemweyo. Musamuiwale.